GG pa tiketi: masamu a kubetcha koti matimu onse awiri achinya

Mukatola matiketi obetchera mpira amene amakhala mbwee pansi Loweruka madzulo m'tauni ya Zomba, kuyambira kudepoti ya basi mpaka ku Chinamwali ndi ku Matawale, zilembo ziwiri muzipeza mobwerezabwereza: GG. Wosankha GG wabetcha kuti matimu onse awiri achinya, iliyonse chigoli chimodzi kapena kuposerapo. Za amene wapambana masewerowo alibe nazo ntchito. Akathera 1-1 wawina, 2-1 wawina, 5-3 wawina. Inzake ya GG ndi NG, yomwe imawina timu imodzi kapena onse awiri akatuluka m'bwalo osagwedeza ukonde, monga 1-0, 4-0 kapena 0-0. Makampani ena pafoni amalemba BTTS n'kuika Yes ndi No, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Anthu amaikonda GG pa zifukwa zomveka. Choyamba, sikukakamiza kusankha mbali. Wotsatira Arsenal atha kubetcha pa masewero a Manchester United popanda kuifunira zabwino timuyo, ndipo wa Maule atha kuika masewero a Manoma pa tiketi yake mtima uli m'malo. Chachiwiri, ikangowina yawina. Mukabetcha kuti timu ipambana, chigoli cha mphindi yomaliza chitha kukulandani ndalama mkamwa. Ndi GG, matimu akangochinyana, ngakhale mphindi 20 zisanakwane, zotsalazo mumaonera mukumwa tiyi. Chachitatu, tiketi yake imachedwa kufa. Pa 8 July 2014 ku Belo Horizonte, Germany inali patsogolo ndi zigoli 7 kwa duu, anthu a ku Brazil akulira m'bwalo, ndipo Oscar anachinya pa mphindi ya 90. Chigoli chimenecho chinalibe phindu kwa Brazil, koma aliyense amene anali ndi GG anadya.

Pali malamulo angapo amene anthu amawadziwa atakangana kale ndi wapakauntala. Chachikulu n'choti GG imawerengedwa pa mphindi 90 ndi zija oyimbira amawonjezera kumapeto kwa chigawo chilichonse basi. Mphindi 30 zapadera za m'masewero achikho ndi mapenate opezera wopambana sizilowamo. Pa 9 December 2022, mu World Cup ya ku Qatar, Croatia ndi Brazil zinamaliza mphindi 90 pa 0-0. Neymar anachinya m'nthawi yapaderayo, Bruno Petković anabweza, masewero anathera 1-1 ndipo Croatia inadutsa pamapenate. Pa TV zinaoneka kuti matimu onse achinya, koma pa tiketi yomwe inawina inali NG. Chigoli chodzichinya chimawerengedwa, chimapita kwa timu imene yapindula nacho. Chokanidwa ndi VAR sichiwerengedwa, ngakhale munakuwa mpaka mawu kusasa. Masewero akalephereka kapena akathera panjira, monga zimachitikira kuno mvula ikawononga bwalo, kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, koma kawirikawiri masewerowo amachotsedwa pa tiketi n'kuwerengedwa ngati odi (nambala imene imachulukitsa ndalama yanu mukawina) ya 1.00, kutanthauza kuti pa masewerowo simupindula kapena kuluza kanthu.

Zonsezi ndi zapamwamba. Chimene chimaluzitsa anthu ndalama chili pansi pake. GG imaoneka ngati funso limodzi, pamene muli mafunso awiri amene onse ayenera kuyankhidwa kuti inde: timu iyi ichinya? Nanga iyo? Pa masamu, zinthu ziwiri zikafunika kuchitika zonse, mwayi wake umachulukitsidwa, ndipo kuchulukitsa manambala osakwana 1 kumapereka nambala yochepa kuposa onsewo. Tinene kuti timu yapakhomo imachinya m'masewero 80 pa 100 aliwonse, ndipo yoyenda imachinya mu 65 pa 100. Manambala onsewo ndi okopa, munthu akawaona amati ndalama yapezeka. Koma 0.80 kuchulukitsa ndi 0.65 ndi 0.52. Mwayi wa GG ndi 52 pa 100, kungoposa pang'ono kuponya kobiri m'mwamba.

Ndiye pa manambala awiriwa, amene amalamulira ndi wamng'onoyo. Zili ngati anthu awiri anyamulizana thabwa limodzi kutsika nalo phiri la Zomba: wakutsogolo akhale wamphamvu chotani, amafika kumsika pa liwiro la wofookayo. Wobetcha GG kwenikweni wabetcha pa omwetsa zigoli a timu yofooka, ndi pa otchinga kumbuyo a timu yamphamvu kuti alakwitsa kamodzi. Komatu maso a anthu ambiri amakhala pa dzina lalikulu. Amayang'ana Haaland kapena Mbappé, pamene tiketi yawo ili m'miyendo ya mnyamata wa timu inayo amene sakumudziwa n'komwe dzina.

Makampani amawerengera zimenezi ndi njira ya masamu yotchedwa Poisson, dzina la katswiri wa masamu wa ku France, Siméon Denis Poisson. Njirayi imathandiza kupenekera zinthu zimene zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo zigoli za mpira zili m'gulu limenelo. Imatiuza chinthu chimene mtima umachikana. Timu imene imachinya chigoli chimodzi pa masewero aliwonse tikagawa mofanana, imalephera kuchinya maulendo pafupifupi 37 pa 100, chifukwa zigoli sizibwera chimodzichimodzi ngati malipiro a pamwezi. Lero ziwiri, mawa duu, mkuja zitatu. Yochinya 1.5 imalephera maulendo 22 pa 100. Yochinya 2 imalephera maulendo 14. Yochinya 0.7 imalephera theka la masewero ake.

Tsopano taonani masewero awiri amene onse tikuyembekezera kuti mukhala zigoli 3. Oyamba ndi a matimu ofanana mphamvu, iliyonse 1.5. Mwayi wa GG umakwana 60 pa 100. Achiwiri ndi a chimphona ndi katimu kakumunsi, 2.3 ndi 0.7. Zigoli zoyembekezereka ndi 3 zomwezo, koma mwayi wa GG watsika kufika pa 45 pa 100. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti masewero a zigoli zambiri ndiwo a GG. Pa 5 March 2023 Liverpool inaswa Manchester United 7-0 pa Anfield. Zigoli zisanu ndi ziwiri, matimu otchuka onse, ndipo a GG anang'amba matiketi. N'chifukwa chake GG ndi Over 2.5, kubetcha koti masewero akhala ndi zigoli zitatu kapena kuposerapo, si zinthu zofanana ngakhale zimayendera limodzi. Pa 1-1 GG yawina, Over yaluza. Pa 3-0 Over yawina, GG yaluza.

A Malawi tili nacho chitsanzo chathu. Pa chikho cha AFCON chomwe chinachitikira ku Cameroon mu January 2022, Flames inasewera kanayi. Inagonja 1-0 ndi Guinea, inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, inalepherana 0-0 ndi Senegal, kenako inagonja 2-1 ndi Morocco Gaba yemweyo atachinya chigoli chija cha patali. GG kawiri, NG kawiri. Ndipo taganizani kuti Senegal ya Sadio Mané, imene inakatenga chikhocho, ndi imene inalephera kuichinya Malawi. Munthu wobetcha poyang'ana mayina sakanalota zimenezo.

Mbali ya kumbuyo nayo imaiwalika. Mu 2004/05 Chelsea ya José Mourinho inachinyidwa zigoli 15 zokha m'masewero 38 a ligi, ndipo m'masewero 25 sinachinyidwe n'komwe. Inali timu yopambana sabata ndi sabata, koma kwa wa GG inali manda. Nyengo zimasiyananso. Mu 2023/24 Premier League inaona zigoli 1,246 m'masewero 380, pafupifupi 3.28 pa masewero aliwonse, ndipo Sheffield United yokha inachinyidwa 104. M'chaka ngati chimenecho GG imatuluka pafupipafupi, ndipo anthu amayamba kukhulupirira kuti apeza chinsinsi. Makampani nawo amaona manambala omwewo, ndipo amawaona msanga kuposa ife. Zigoli zikachuluka, iwo amangotsitsa odi.

Odi ndiyo mtengo, ndipo nkhani yonse ya kubetcha yagona pa mtengo. Odi ya 1.80 ikutanthauza kuti mukaika K1,000 n'kuwina mulandira K1,800, ndalama yanu ija ili momwemo, phindu ndi K800. Mukagawa 100 ndi odi, mumapeza mwayi umene kampani yabisa mumtengomo. Pa 1.80 ndi 55.6 pa 100. Ndiko kuti wobetcha pa 1.80 nthawi zonse ayenera kulondola maulendo 56 pa 100 kuti angobweza ndalama zake. Ndiye yang'anani mbali zonse ziwiri za masewero amodzi. Tiyerekeze kuti GG ili pa 1.80 ndipo NG ili pa 1.90. Yoyamba ikupereka 55.6, yachiwiri 52.6. Kuphatikiza ndi 108.2, chonsecho zinthu ziwirizi ndi zokhazo zimene zingachitike, ndipo zimayenera kukwana 100. Zapamwambazo, 8.2, ndi gawo la kampani. Mutati mubetche mbali zonse ziwiri ndi K1,000 iliyonse, mwatulutsa K2,000 ndipo chimene mungalandire ndi K1,800 kapena K1,900. Mpira uthere mulimonse, kampani yadya kale. Ine sindiona chachilendo pamenepa, wogulitsa aliyense amaika phindu pa katundu wake. Chodabwitsa n'choti ogula ambiri sadziwa kuti pali mtengo umene akulipira.

Loweruka masana m'shopu ina yobetchera pafupi ndi msika wa Zomba mumadzaza. Masewero a ku England amayamba 4 koloko kapena 5 koloko nthawi yakuno, kutengera nyengo ya kumeneko, ndiye 3 koloko ikamakwana anthu amakhala ali pamzere. Wakabaza wina waimika njinga panja, chipewa chili m'khwapa, akulemba manambala a masewero kuseri kwa tiketi yakale ndi bolopeni yobwereka. Pambali pake pali bambo wachikulire wovala jekete, akuyang'anitsitsa pepalalo.

"Achimwene, zonsezi GG?"

"Zonse, madala. Khumi. Za ku Netherlands ndi ku Germany, kumeneko sagona ndi njala ya zigoli."

"Nanga iyi ya nambala seveni, timu yake mukuidziwa?"

"Sindiidziwa, koma masewero ake asanu apitawa onse GG."

Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kubwerera ku pepala lake, lomwe nalo linali lalitali mpaka kupindika.

Tiketi yaitali ngati imeneyi ndiyo imene kampani imaikonda kuposa ina iliyonse, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti masewero khumi onsewo ali pa odi ya 1.70, ndipo mwayi weniweni wa GG pa aliwonse ndi 55 pa 100. Maodi akachulukitsidwa amakwana pafupifupi 201.6, ndiye K500 ikulonjeza K100,800. Nambala imeneyo ndi imene imasindikizidwa pansi pa tiketi, ndi imenenso munthu amayenda nayo m'mutu tsiku lonse, kugula nayo malata ndi kulipira fizi. Imene sisindikizidwa ndi iyi: 0.55 ikachulukitsidwa ndi iyo yokha kakhumi imapereka 0.0025, kutanthauza mwayi umodzi pa 395. Kuti muwine kamodzi, mwa kawerengedwe ka masamu, mufunika matiketi pafupifupi 395 a K500, omwe ndi K197,500, kuti mulandire K100,800. Pa masewero amodzi gawo la kampani linali laling'ono, pafupifupi K65 pa K1,000. Pa tiketi ya masewero khumi lafika pafupifupi theka la ndalama yonse, chifukwa nalonso limachulukitsidwa pa mzere uliwonse umene mwawonjezera.

Ndipo mawu aja amene amamveka paliponse Lamlungu m'mawa, akuti "yandidula imodzi yokha", ali ndi masamu akenso. Pa tiketi yotereyi, kulondola masewero 9 n'kuphonya amodzi kumachitika kowirikiza kasanu ndi katatu kuposa kulondola onse 10. Munthu amaona ngati anangotsala pang'ono, ndiye sabata yamawa abwereranso ndi mphamvu. Koma kutsala pang'onoko ndi mmene tiketi yaitali imagwirira ntchito, ndipo sikusonyeza kuti munthuyo akuyandikira kuwina. Bonasi imene makampani ena amawonjezera tiketi ikatalika imachokera m'gawo lomwelo limene lakula.

Nanga "masewero asanu apitawa" amene wakabaza uja amadalira? Asanu ndi ochepa kwambiri. Timu imene mwayi wake wa GG ndi 55 pa 100 imatha kutulutsa GG kasanu motsatizana pafupifupi kamodzi pa maulendo 20, popanda chilichonse chosintha mu kaseweredwe kake. Pa matimu mazanamazana amene amasewera kumapeto kwa sabata ku Ulaya konse, simungalephere kupeza angapo a mndandanda wokongola chotero. Ena amaganiza mobwerera, amati timu yakhala masewero anayi osachinya, lero ndiye ichinya basi. Mpira sukumbukira ngongole. Timu yosachinya masewero anayi nthawi zambiri imakhala kuti ili ndi vuto kutsogolo, ndipo vutolo silitha chifukwa choti inu mwaika K500.

Zilipo zinthu zimene zimasinthadi mwayi wa GG, ndipo ofuna kumvetsa mpira, kaya amabetcha kaya ayi, amaziyang'ana. Timu yoyenda imachinya bwanji ikakhala koyenda, osati m'masewero ake onse. Womwetsa zigoli wake alipo kapena wavulala. Goloboyi ndi otchinga kumbuyo a timu yamphamvu ndi a masiku onse kapena mphunzitsi wawapumitsa poyembekezera masewero a Champions League Lachiwiri. Masewerowo akufunika chiyani: timu imene pointi imodzi ikuikwanira imatseka kumbuyo, pamene imene ikufuna mapointi atatu kuti isatuluke mu ligi imatsegula. Khadi lofiira limasokoneza zonse. Zimenezi ndi zoona, koma ndinene mosapsatira kuti zonsezi zimakhala zitalowa kale mu odi inu musanafike pakauntala. Kampani ili ndi makompyuta ndi anthu olembedwa ntchito yowerengera zimenezi usana ndi usiku, ndipo nkhani ya wosewera wovulala ikamafika pa WhatsApp ku Sadzi, odi imakhala itasuntha kale.

Ligi yathu ili ndi khalidwe lake. Amene anazolowera kuonera Red Lions ya asilikali a ku Cobbe Barracks, kapena amene amatsatira masewero a Bullets ndi Wanderers, akudziwa kuti kuno 1-0 ndi 0-0 si zachilendo. Mabwalo ambiri ndi olimba ndi a mabampu, mpira sumvera phazi, matimu oyenda amafika atatopa ndi ulendo wa pamsewu ndipo amabwera kudzateteza pointi. Kutenga chizolowezi cha GG cha ku Bundesliga n'kuchiika pa Super League ndi kusamvetsa mpira wa kwanu komwe. Apa mwina m'pamene munthu wa kuno angadziwe kanthu kamene kompyuta sikudziwa, monga kuti bwalo lanyowa kapena osewera akunyanyala. Komabe pa maligi ang'onoang'ono makampani amakonda kukulitsa gawo lawo, podziwa kuti iwonso sakuona bwino.

Pa menyu mumapezanso ana a GG: matimu onse achinye m'chigawo choyamba, achinye m'zigawo zonse ziwiri, GG pamodzi ndi timu yopambana, GG pamodzi ndi Over 2.5. Maodi ake ndi onona, 3.50, 4.50, ena kupitirira 10. Onsewa ndi mafunso owonjezera pa mafunso awiri aja, ndipo lamulo la kuchulukitsa silisintha. Za mpira wa pakompyuta, uja umatha m'mphindi zochepa pa sikirini ya m'shopu, palibe zambiri zonena. Mulibe wosewera wovulala kapena bwalo lonyowa, zotsatira zimatulutsidwa ndi makina, ndipo kuwerenga fomu ya timu yake n'kutaya nthawi.

Cash out, kutenga ndalama masewero asanathe, ndi imene imafuna kuiganizira bwino, chifukwa pa GG imakopa kwambiri. Masewero ali 1-0, mphindi ya 70, foni ikukupatsani gawo la ndalama kuti mutuluke. Ndalama imeneyo ndi mtengo umene kampani ikugulira tiketi yanu, ndipo imagula motsika kuposa mtengo wake weniweni. Mwalipira gawo lake polowa, mukulipiranso potuluka. Mphindi iliyonse ikamadutsa timu yotsalayo isanachinye, mtengowo umatsika mofulumira, ndipo nthawi imene mukuifuna kwambiri, monga penate ikaperekedwa, batani lake limayamba latsekedwa kaye.

Kubetcha n'kololedwa m'Malawi kwa anthu a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo makampani ake amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 pophatikiza mabungwe awiri akale oona za juga ndi malotale. Boma limadulanso msonkho pa ndalama zowina, ndiye nambala ya pansi pa tiketi nthawi zina si imene imafika m'manja, ndipo masamu onse tawerenga aja amaipirako pang'ono. Chimene chasintha zinthu kwambiri ndi foni. Kale munthu ankayenera kuyenda mpaka kushopu ndalama ili m'manja, anthu akumuona. Lero wophunzira wa ku UNIMA ali m'chipinda chake ku Chikanda amatha kusamutsa ndalama ya chakudya kuchoka ku Airtel Money kapena Mpamba pakati pa usiku, n'kuika GG pa masewero a ku Brazil kapena ku Argentina amene akuseweredwa iye ali mtulo. Ndalama yake ndi yaing'ono, K200, K300, moti saiwerengera. Pa kawerengedwe taonetsa kaja, wobetcha K500 tsiku lililonse pa matiketi a masewero khumi amatulutsa K15,000 pa mwezi, K182,500 pa chaka, ndipo mwayi woti chaka chonsecho chitha asanawinepo ngakhale kamodzi ndi pafupifupi 40 pa 100.